Ulendo wathu wa ku Zomba wokaona ntchito ya alangizi a ana

Ife a pasukulu yathu tinanyamuka mochedwa, ndipo amene anatichedwetsa mukuwadziwa nonse. Titangodutsa pa Jali tayala linaphulika, jeke osaoneka, mpaka anyamata a kabaza anachita kutinyamulira minibasi. Thobwa la amayi msungichuma linathera pomwepo.

Kusukulu yomwe inatilandira, mlangizi ali ndi chipinda chakechake kutali ndi stafu rumu, chifukwa mwana sangalowe pakhomo pamene maso a aphunzitsi onse ali pa iye. Alangiziwo ndi awiri, mayi ndi bambo, ndipo ahedi anawachepetsera mapiriyodi kuti masana awiri pa sabata azikhala ndi ana. M'kaundula salemba dzina. Amalemba nambala, tsiku, vuto ndi zomwe agwirizana, kenako amakiyira m'kabati. Asanayambe kucheza amamuuziratu mwana kuti chinsinsi chili ndi malire: nkhani ya nkhanza kapena kugwiriridwa imapita ku Social Welfare kapena ku Victim Support Unit ya polisi. Pakhoma analemba 116, nambala yaulere ya ana yomwe amayendetsa a bungwe la YONECO la mu Zomba momwemo. Mtsikana akabereka, amayi a mother group, gulu la amayi a m'deralo lothandiza atsikana pa maphunziro, amamulondola kunyumba kuti abwerere m'kalasi, monga ndondomeko ya boma imalolera kuyambira 1993.

Mkangano unabuka tili pa nsima ya matemba a ku Chilwa. Aphunzitsi athu a Masamu, mbamu ili m'manja, anati alangizi ndi maloya a ana osamvera. A depyute akumeneko sanakwiye. Anati zimasokonekera pamene mlangizi yemweyo mwamuikanso mu komiti ya disipulini, poti mwana amene mwamukumbitsa dzenje Lolemba sangakuuzeni Lachiwiri kuti kwawo anagona ndi njala. A Masamu anangofunsa ngati ndiwo zatsalako.

Dandaulo lina linali loti mapiriyodi ochotsedwa aja amagwera anzawo. Limeneli ndi loona ndithu, ndipo likapanda kukambidwa pogawana maphunziro kumayambiriro a chaka, aphunzitsi amangosiya kutumiza ana kwa mlangizi.

Zikomo a tcheya potiyendetsa bwino, adalaivala chifukwa cha kuleza mtima, ndi amayi amene anatiphikira. Amene munakongola ndalama ya masitiroberi potsika Ku Chawe, amayi msungichuma akuti Lachisanu akubwera ndi kope lawo.