Chinkhoswe cha ku Chipata ndi nkhani ya fedulo

Minibasi ya ku Mchinji inanyamuka mu Lilongwe dzuwa lisanatenthe, ine ndili pazenera, kathumba ka mpunga wa kilombero kali pamiyendo. Ulendo unali wa ku Chipata, kuchinkhoswe cha mlongo wanga, mwana wa amayi aang'ono. Kuchikazi kwathu n'kutsidya la malire. Mayi anga okha ndiwo anakwatiwira ku Mchinji, ndipo poti miyendo ikuwavuta masiku ano, anati ndikawaimire.

Pa Mwami, pamalire a Malawi ndi Zambia, sindinachedwe. Chitsegulireni chipata chatsopano mu Disembala 2022, pamene a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema anakumana pamenepo, wapaulendo amangoima kamodzi, zonse n'kuthera pomwepo. Wondidindira chiphaso anandilonjera m'chilankhulo chomwe ndimayankhulira ndi mayi anga. Ndinasintha kwacha yathu n'kutenga kwacha yawo, n'kukwera takisi. Minda ya chimanga ndi mtedza yomweyo, mitengo ya mango yomweyo, mpaka tauni inatulukira pakati pa mapiri. Atsamunda ankaitcha Fort Jameson.

Mkamwini wathu ndi Mtumbuka wa ku Lundazi. Ndisabise, ndinapita mtima uli m'mwamba pang'ono, chifukwa kwathu ndaonapo maukwati otere akuyamba ndi manong'onong'o. Ankhoswe anakanganadi, koma mkangano wake unali wa mwambo. Akuchimuna amafuna kupereka malowolo kuti ana adzakhale a kwa bambo. Amalume, monga mwinimbumba, amati mwana wa Achewa sachotsedwa ku mbumba yake ndi ng'ombe. Anakambirana mpaka dzuwa linapendeka. Pa zonsezo palibe anatchulapo chipani kapena chigawo, palibe anati "anthu amenewa ndi otere".

Usiku tinakhala pakhonde tikukazinga mtedza, ine, amalume amene anapuma pa uphunzitsi, ndi amalume ake a mkamwini, amene iye amawatcha asibweni. Ndinawauza kuti kwathu, makamaka chithereni chisankho cha 2014, pamabuka mawu ofuna ulamuliro wa fedulo, ndipo ambiri amachokera kumpoto.

Amalume anaika mbale pansi. "Iwe mphwanga, ukunena Chitaganya? Mwaiwala kale?"

Kwa iwo liwulo lili ndi chipsera. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba mu 1953 eni dziko atakana, likulu lake lili ku Salisbury, komwe lero ndi Harare. Amalume amati ndalama za mkuwa wa ku Northern Rhodesia (lero Zambia) zinkapita kukamanga Southern Rhodesia (lero Zimbabwe), pomwe Nyasaland inkangopereka anthu okagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu. Chinatha pa 31 Disembala 1963, ndipo chaka chotsatira Malawi analandira ufulu pa 6 Julaye, Zambia pa 24 Okutobala.

Ndinayesa kuwafotokozera kuti izi n'zosiyana. Chitaganya chinamanga mayiko atatu pamodzi mokakamiza, pomwe fedulo imene akunena kwathu ndi yogawa mphamvu ndi chuma m'kati mwa dziko limodzi. Ndipo madandaulo a kumpoto si ongopeka. Mu 1968 Chichewa chitakhala chilankhulo cha dziko, Chitumbuka chinachotsedwa pawailesi. Mu 1989 aphunzitsi analamulidwa kubwerera ku zigawo za kwawo, mabanja n'kubalalika. Panabweranso kota, yosankha ana opita kuyunivesite potengera kumene amachokera. Ine ndine Mchewa, koma zimenezi zimandipweteka, ndipo sindifuna tizizinena ngati sizinachitike.

Asibweni aja anali chete nthawi yonseyi. Atayankhula anati ali ndi abale ku Mzimba, kungodumpha malire, ndipo akawachezera amadabwa ndi mmene amanenera za Achewa. "Kuno tikafika ku Lusaka palibe amatifunsa ngati ndife Achewa, Angoni, Ansenga kapena Atumbuka. Amangoti a kum'mawa afika."

Mawu amenewo anandikumbutsa zimene anapeza Daniel Posner, wofufuza wa ku America, amene anayendera midzi ya Achewa ndi Atumbuka mbali zonse ziwiri za malire amenewa n'kulemba mu 2004. Miyambo inali yosiyana chimodzimodzi kuno ndi uko, koma chidani chinali cholimba ku Malawi. Chifukwa chake ndi masamu a mavoti. Kwathu mtundu uliwonse mwa iwiriyi ndi waukulu mokwanira kuti wandale aukokere yekha. Ku Zambia yonse iwiri ndi yochepa poyerekeza ndi dziko lonse, choncho wofuna mpando amawasonkhanitsa pamodzi. Ndinaziwerenga kale, koma kuziona pakhonde, anthu awiri akutapa mtedza m'mbale imodzi atangotha kukangana za ng'ombe, kunandikhudza mwa njira ina.

Ndinali pafupi kuwasirira, koma amalume sanandilole. Anati ndisaganize kuti kwawo matendawa kulibe, angovala malaya okulirapo. Pa nthawi ya kampeni mawu akuti "wako ni wako" ndi "umodzi kum'mawa" amamveka, ngakhale dziko limaimba "One Zambia, One Nation". Mu 1991 dziko lonse litatembenukira ku chipani cha MMD cha a Frederick Chiluba, chigawo cha kum'mawa chinakakamira ku chipani cholamula cha UNIP. Mu 1996 malamulo anasinthidwa kuti amene makolo ake sanabadwire mu Zambia asaimire upulezidenti, ndipo aliyense ankadziwa kuti akusaka a Kenneth Kaunda, poti bambo awo a David Kaunda anachokera ku Nyasaland. Munthu wolamulira dziko zaka 27 n'kusanduka mlendo! Anatchulanso za Alozi kumadzulo, amene mpaka lero amadandaula za pangano la Barotseland la 1964 lomwe boma linalifafaniza mu 1969.

Kenako anandiloza ndi chala, akumwetulira pang'ono. "Nanga inu, simunatipitikitsire a Michael Sata mu 2007 atabwera kudzaona a Bakili Muluzi, n'kudzawatula pa Mwami pomwe wadutsapo?" A Sata atakhala pulezidenti wa Zambia mu 2011 anakana kubwera ku Lilongwe ku msonkhano wa COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa. Akuluakulu anakwiyirana, koma amayi ogulitsa tomato ndi zitenje sanaleke kuwoloka.

Ndinagona mochedwa. Ndikufunabe kuti ndalama ndi mphamvu zichoke ku Capital Hill zifike kumaboma, kuti wa ku Chitipa kapena ku Nsanje asamadikire Lilongwe kuti amukonzere mlatho. Chimene ndayamba kuopa ndi fedulo yodula dziko patatu, chigawo chilichonse n'kuchimata dzina la mtundu. Ku Mchinji konkuno kuli Achewa, Angoni ndi Ansenga. Kumpoto kwa Kasungu anthu amayankhula Chitumbuka. Mzere udzadutsa pati? Ndipo ana amene mlongo wanga adzabereke, atati adzakhale ku Malawi, adzakhala a chigawo chiti?

M'mawa ankhoswe anamaliza nkhani yawo. Akuchimuna adzapereka chothokozera makolo, banjalo lidzakhala m'tauni, ndipo ana azidzayendera kwa agogo onse awiri. Amayi aang'ono anandimangira mtedza ndi chitenje cha mayi anga. Amalume anandiperekeza mpaka pokwerera takisi, n'kundigwira paphewa.

"Ukawauze achemwali anga kuti mu Ogasiti tikakumane ku Mkaika, ku Kulamba. Mafumu a ku Malawi ndi a ku Mozambique amabwera kudzagwada kwa Kalonga Gawa Undi, iwo angalephere bwanji? Miyendo ikavuta, tidzawanyamula."