Masamba aja ndinachotsadi, koma mumve kaye

Poti nkhaniyi yafika kale mpaka pa gulupu ya WhatsApp ya anzathu aku Leeds ndipo ikumanenepa ikamadutsa pafoni iliyonse, bola ndinene ndekha. Ayi, sindinamenyane ndi adzukulu. Ayi, sindinafike pasiwa ndi kabudula wamkati, anali kabudula wothamangira weniweni wogula mushopu, kungoti ndi wamfupi pang'ono komanso ndi wobiriwira mowala muja amavalira okonza misewu. Zoti ndinachotsa masamba pamsewu, zimenezo nde zoona.

Zothamangazi si matama aise. Adokotala kunja kuja ndi amene anandiuza kuti BP yakwera, mimba nayo yayamba kutsogola, nde ndinazolowera Loweruka lililonse 9 koloko m'mawa kukathamanga makilomita 5 kupaki, tiagogo tachizungu tikundipitirira tikucheza. Nditafika kumudzi ku Linthipe ndinati chizolowezi chisafe. Kuzizira kwa Dedza mu June mukukudziwa, koma ine ndinatuluka ndi kakabudula kaja, timahedifoni m'makutu, foni ndamangirira pamkono. Amayi akusesa panja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mukupita kuti mwavala chonchi?"

Ndikukathamanga amayi.

"Wakuthamangitsani ndani?"

Ndinangoseka nkuliyatsa. Apa pokha mundimvetse, uthenga wa maliro unadutsa usiku ine ndili mtulo, maliro akenso anali a mudzi woyandikana nawo, ndipo amayi omwe ankadziwa zonse anasankha kufunsa za kabudula m'malo mondiuza kuti kumtunda kwagwa zovuta. Nde mlanduwu tigawane.

Ndathamanga bwinobwino kamsewu kafumbi, nyimbo zili phokoso m'makutu, ndikungoona nthambi za masamba aziwisi zayalidwa kudutsa msewu wonse. Ndikudziwa zomwe mukufuna kunena. Mwana aliyense pa Malawi pano amadziwa kuti masamba pamsewu ndi maliro, wanjinga amatsika nkumakankha, wachipewa amavula, wagalimoto amayenda pang'onopang'ono wailesi atazimitsa. Inenso ndimadziwa, ndinakulira konkuno. Koma mutu ukakhalitsa kudziko komwe munthu amamwalira lero nkukaikidwa patatha masabata angapo, mwambo wake theka la ola, opitako ochita kuyitanidwa, aneba osadziwa nkomwe, zinthu zina zimakagona pansi penipeni. Pamwamba pamatsala za kuntchito. Ine ndagwira ntchito yosamalira nkhalamba zaka zambirimbiri, ndipo chaka chilichonse amatiphunzitsa chinthu chimodzimodzi: ukaona chinthu pansi choti munthu angapunthwe nacho, chotsa pompo, kenako ukalembe fomu.

Nde ndinaima. Ndinatola nthambi imodzi imodzi nkuziunjika bwinobwino m'mbali mwa msewu, zazikulu pansi zazing'ono pamwamba, timasamba totsalira ndinachita kusesa ndi phazi. Mumtima ndikudandaula kuti anthu akwathu kusasamala, munthu angagwe apa. Bambo wina amabwera akukankha njinga, chipewa chili m'manja, anaima nkumandiyang'ana kukamwa kuli yasa. Ine ndinamukwezera chala chachikulu nkumuuza mokuwa, paja munthu wa mahedifoni amakuwa, kuti "Kwerani achimwene, ndakonza!"

Ndakonza. Mawu amenewo amandidzutsabe usiku.

Ndinapitiriza ulendo. Kutsogolo pang'ono ndikuona chikhamu cha anthu, azibambo akhala pansi pa mtengo wa mango mbali iyi, azimayi mbali inayo pafupi ndi nyumba, ena avala zoyera za Chigwirizano. Mutu wanga wanzeru uja unati awa akulembetsa za feteleza wotsika mtengo. Ndinawabayibitsa. Ndi manja onse awiri. Ndinawonjezeranso liwiro pang'ono kuti aone kuti mwana wawo kunja kuja samangodya tchipisi. Nditafika pa masamba achiwiri, otsekera mbali inayo, ndinati haa koma mphepo ya kunoyi, nkuwerama kuyambanso ntchito.

Ndili chiweramire dzanja linandigwira paphewa, dzanja lolemera, la dothi lofiira. Kutembenuka, anyamata a makasu, matope mpaka m'mawondo, akuchokera kumanda. Mmodzi anangotambasula dzanja nkundizula kahedifoni kamodzi mwaulemu wake, nde mpamene ndinamva nyimbo ya maliro ndi kulira kwa azimayi m'nyumba muja. Thukuta lonse linauma nthawi yomweyo.

Ananditengera kwa amfumu pansi pa mango paja. Tsopano vuto la kabudula uja limaoneka ukafuna kupereka ulemu. Kuima sungaime pamaso pa amfumu. Kukhala pansi, kabudula akuthawira kumtunda. Kunyonyomala nde kunali kuonjeza mlandu wina pamwamba pa woyamba. Ndinayesa zonse zitatu motsatizana anthu akuonerera, mapeto ake ndinagwada chammbali, dzanja limodzi likukoka kabudula, linalo likufuna kuwomba m'manja palokha. Mkulu wina anavula jekete nkundiponyera pamiyendo osandiyang'ana nkomwe.

"Mwana wa yani ameneyu?" anafunsa amfumu.

Zii. Amalume anga enieni, alongo awo a amayi, omwe dzana lake ndinawapatsa nsapato ndi jekete yachikopa, anali pompo pamzere wakutsogolo atavala jekete yomweyo, koma anapeza chinthu chosangalatsa kwambiri pansi choti aziyang'ana. Mpaka munthu wina kumbuyo anati, "Ndi mwana wa alongo awo a akuluwa, uja wa ku Mangalande." Gulu lonse linati "Ooooh," ooh wake wautali uja wosonyeza kuti matenda apezeka.

Amfumu anayamba kulankhula mofatsa, kuti mudzi uli ndi mwambo wake, kuti masamba aja saikidwa ndi mphepo, ndipo kunali bata loti ukanamva nyerere ikuyenda. Nthawi imeneyo ndi imene foni yapamkono inasankha. Paja mahedifoni anali atazima m'manja mwa mdzukulu uja, nde mawu anatulukira pa sipika, mzimayi wachizungu wa mu pulogalamu yothamangira ija, mokweza, mosangalala, kundiuza kuti ndaima nthawi yaitali, liwiro langa latsika, koma ndisafooke ndikuchita bwino kwambiri.

Amfumu anasiya kulankhula. Agogo ena aamuna anasuzumira kumbuyo kwanga nkufunsa, "Kodi alipo awiri?" Wina anayankha monong'ona, monong'ona mwake momveka mpaka kwa azimayi, kuti ndi akazi awo achizungu aja, amayenda nawo pamkono. Ine mkazi wachizungu ndilibe, ndinenenso pano poti nkhani imeneyi nayo yayenda. Amfumu anangoti, "Auzeni mayiwo kuti tili pamaliro."

Ndinalimbana nayo foni, zala zili thukuta, sikirini osamva. Ndinadina apa, mzimayi uja anabwereza. Ndinadina apo, voliyumu inakwera. Kudina kachitatu mzimayi anakhaladi chete koma m'malo mwake inabwerera nyimbo yomwe ndimathamangira ija, ya ng'oma zamphamvu, yamadansi, pamaliro pa munthu wamkulu. Sinalire nthawi yaitali koma kwa ine inakwana chaka. Anandipulumutsa ndi kamnyamata ka pulayimale komwe kanangobwera nkudina kamodzi basi.

Chigamulo: nkhuku ya adzukulu, chipepeso kwa anamfedwa, komanso masamba abwerere pomwe ndinawapeza. Ndalama ndinalibe, kabudula ujatu thumba lake ndi la kiyi mmodzi. Ndinafunsa ngati ndingatumize pafoni, mdzukulu wina anatchula nambala pamtima liwiro lake losaneneka nkuonjezera kuti muikepo ndi yotapira, koma amfumu anakana, ati nkhuku ya mlandu imafika yamoyo. Ine mmene ndimachoka K500 ndi imene inali ndalama yaikulu, ukaitulutsa anthu amakupatsa mpando, pano kuli ya K5000 yomwe inabwera mu 2022 ndipo imodzi yokha tambala sakuyang'ana nkomwe. Mapeto ake anakagwira tambala wa amayi, yemwe amandisungira ine mwini wake kuti andiphere Lamulungu.

Masamba ndinabwezera ndekha, nthambi imodzi imodzi, jekete la eni ndamanga m'chiuno, kamnyamata kaja kakundilangiza kuti iyo isunthe chakuno. Bambo wanjinga uja anali akadali pomwepo. Kunyumba amayi anasiya zonditchula kuti inu. "Iwe, ndege ija inakutsitsa wense kapena mutu unatsalira?" Lamulungu tinadyera mpiru wotendera.

Nde sabata yathayi ndikuyenda wapansi m'mbali mwa M1, thalauza lalitali, ndinaonanso masamba pamsewu. Ndinavula kapusi msangamsanga, foni kuzimitsiratu, manja kumbuyo, kuyenda mwachifatse nkhope ili yachisoni. Ndinapeza azibambo atatu akhala pansi m'mbali mwa msewu, ndinanyonyomala nkuwomba m'manja, pepani ndi zovutazi. Mmodzi anati zikomo bwana, ndi giyabokosi, makaniko akuchokera ku Lilongwe. Kumbuyo kwawo kunali lole ya mbatata.