Kuchuluka kwa mapepala si umboni pa kafukufuku wa ma ionic liquid

Wasayansi atha kukhala ndi mapepala 100 a kafukufuku okamba za ma catalyst (zinthu zofulumizitsa reaction, kusintha kwa makemikolo) m'ma ionic liquid, koma ukatswiri wake umaonekera m'gawo lomwe owerenga ambiri amalidumpha, lofotokoza momwe anagwirira ntchito mu labu.

Ma ionic liquid ndi mchere womwe umasanduka wamadzimadzi kutentha kusanafike madigiri 100 a Celsius, ndipo mu labu amasungunuliramo zinthu. Paul Walden anafotokoza za mchere wina wotere, ethylammonium nitrate, mu 1914, koma mapepala anayamba kuchuluka pambuyo pa 1992, John Wilkes ndi Michael Zaworotko atapanga mchere wa imidazolium wosawonongeka msanga ndi mpweya kapena chinyezi. Liwiro limeneli linabweretsanso ntchito zambiri zothamangira.

Yambani ndi chloride. Mchere wa imidazolium ngati bmim BF4 kawirikawiri umachokera ku bmim chloride, ndipo chloride wotsalira amakakamira pa zitsulo za mu catalyst ngati palladium kapena rhodium n'kufooketsa catalyst. Gulu la Ken Seddon ku Belfast linasonyeza mu 2000 kuti kachloride kochepa chabe kamasintha kulimba kwa ionic liquid. Wofufuza wosamala amasungunula mcherewo mu dichloromethane, n'kuutsuka ndi timadzi pang'onopang'ono mpaka madzi otsukira asiye kuchita mbuu akadonthezamo silver nitrate, chizindikiro choti chloride watha. Kenaka amauumitsa mu vacuum pa madigiri 60 mpaka 70 kwa tsiku lathunthu, n'kuyeza madzi otsala ndi njira ya Karl Fischer. Pepala lopanda manambala amenewa ine sindilikhulupirira, ngakhale litasindikizidwa m'magazini yotchuka bwanji.

Chinyezi chikakumana ndi PF6, gawo la ma ionic liquid ena, makamaka pakatentha, chimatulutsa HF, asidi wodya galasi, ndipo nthawi zina asidiyu ndi amene amagwira ntchito yomwe wolemba akuyamikira catalyst wake. Palinso haidrojeni wa pa C2 (kaboni wachiwiri) mu imidazolium: mukathira base (chotsutsana ndi asidi), monga mu Heck reaction yolumikiza makaboni, amachoka, pamabadwa kemikolo wotchedwa carbene yemwe amagwira palladium. Apo ma ionic liquid asiya kukhala ongosungunulira zinthu.

Chokhumudwitsa kwambiri ndi tebulo la kugwiritsa ntchito catalyst yemweyo mobwereza. Kulemba kuti ntchito yafika 99% kasanu motsatizana sikutsimikiza kanthu, poti catalyst akachuluka ndipo nthawi ikatalika, kufooka kwake kumabisika. Funani pepala lomwe limaimitsa ntchito pa 20 kapena 30% ulendo uliwonse, n'kuyeza ndi ICP (makina oyezera zitsulo) chitsulo chomwe chatuluka limodzi ndi zomwe zapangidwa.