Dzina lobwerabwera m'kaundula wa labotale

Ife ogwira ntchito mu labotale sitionana kwambiri ndi odwala, chifukwa chimene chimatifika ndi timabotolo ta magazi tolembedwa dzina ndi zaka. Komabe Lolemba lapitali, ndikulemba m'kaundula, ndinaona kuti dzina la mnyamata wina wa zaka 9 labwera kachitatu m'mwezi umodzi, ndipo maulendo onsewo pempho linali loti tiyeze malungo. Tizilombo ta malungo sitinapezeke kawiri konse, ndipo tsiku limenelinso sitinaoneke.

Ndinatuluka kukaonana ndi dokotala, ndipo ndinapeza mwanayo atatsamira mayi ake pabenchi. M'zikope mwake munali mutayera, m'miyendo muli timadontho tofiira ndi mikwingwirima ngakhale kuti sanagwe paliponse. "Adokotala, mwanayu thupi silikuzizira, ndipo akamatsuka m'kamwa nkhama zikutuluka magazi," anatero mayiwo, poti aliyense wovala choyera kwa iwo ndi dokotala. Ine ndi dokotala tinagwirizana kuti tiwerenge maselo onse a m'magazi ake.

Mwa munthu wathanzi, maselo oyera, amene amateteza thupi ku matenda, amakhala pakati pa 4,000 ndi 11,000 m'kadontho ka maikulolita imodzi, pamene mapulateleti, amene amathandiza magazi kuundana, amakhala kuyambira 150,000 mpaka 450,000. Kwa mwanayu maselo oyera anali atapitirira kutali, mapulateleti atatsika kwambiri, maselo ofiiranso ali ochepa. Lachiwiri m'mawa ndinapaka magaziwo pagalasi, ndipo pa maikulosikopu ndinaona maselo osakhwima, amene malo awo ndi m'mafuta a m'mafupa, atadzaza ponseponse. Umu ndi mmene lukemiya, khansa ya m'magazi, imachitira: maselo osakhwimawa amaswana mosalekeza mpaka kupanikiza anzawo abwino, motero wodwala amafooka chifukwa chosowa magazi, amadwaladwala chifukwa chitetezo chagwa, ndipo amataya magazi ngakhale pa kabala kakang'ono.

Lachitatu linatha ndi ntchito za masiku onse, kuphatikizapo kulimbana ndi makina amene anaima kwa maola awiri.

Lachinayi kunabwera magazi a bambo wina amene anali ndi mwanabele m'khosi kwa miyezi itatu, akuonda ndiponso kutuluka thukuta lonyowetsa zofunda usiku. Chifuwa chachikulu anali atawayeza kale koma sichinapezeke, ndipo iwo sanafulumire kubwereranso chifukwa chotupacho sichinkawawa. Kusawawako n'kumene kumapusitsa anthu, pakuti mwanabele wobwera ndi bala kapena zilonda zapakhosi amapweteka n'kuphwa pakapita masiku, pamene wa khansa yotchedwa limfoma kawirikawiri amangokula mwakachetechete m'khosi, m'khwapa kapena m'mphechepeche. Magazi awo sanaonetse cholakwika chachikulu, koma ndinakumbutsa mnzanga wongoyamba kumene ntchito kuti khansa imeneyi imatha kubisala pamayeso athuwa, ndipo imatsimikizika madokotala akadula kachidutswa ka chotupacho n'kukayeza.

Lachisanu mnyamata uja anamutumiza kwa akatswiri a matenda a magazi, amene amabaya fupa la m'chiuno n'kutengamo mafuta kuti adziwe mtundu weniweni wa lukemiya, popeza mtundu wofala mwa ana umachizika mwa ambiri akayamba mankhwala msanga ndi kuwamaliza. Madzulo a tsikulo, ndisanatseke kaundula, ndinabwerera masamba a mwezi wonse n'kuchonga ndi cholembera chofiira aliyense woyezedwa malungo mobwereza osawapeza. Ndinapeza mayina awiri, ndipo ndinawasiya patebulo la dokotala.