Bambo wa takisi ndi nkhani ya Laferrière

Tulo takana ndiye bola ndingolemba. Madzulo poweruka sinowo inali yoopsa, ndinangoti ndalama ipite ndikwere takisi. Dalaivala anali bambo wachikulire wa ku Haiti, paja kuno ku Montréal ambiri oyendetsa takisi ndi a kumeneko. Pawailesi pankalankhula munthu wina, iwo n'kukweza voliyumu, amvekere, "Mwanawe, ameneyu ndi Dany Laferrière, wakwathu."

Basi nkhani inayambika. Mu 1976 Dany, amene pano ndi wolemba mabuku wotchuka, anali mtolankhani ku nyuzi ya Le Petit Samedi Soir ku Port-au-Prince, likulu la Haiti, nthawi ya ulamuliro wankhanza wa Jean-Claude Duvalier, ndiye mnzake wapamtima Gasner Raymond, nayenso mtolankhani, anaphedwa ndi ma Tonton Macoute, gulu lankhanza la boma la Duvalier, mu June chaka chomwecho. Mnyamata wa zaka 23 n'kuthawira kuno osatsanzika aliyense kupatula mayi ake. Bambo aja anabwereza kawiri, mayi ake okha, kenako anangoti zii mpaka pa maloboti.

Anthu amakonda kutchula zapamapeto, zoti ankalengeza zanyengo pa TV, mphoto ya mabuku ya ku France ya Prix Médicis ya 2009, zoti mu 2013 anasankhidwa kulowa mu Académie française, bungwe lotchuka loyang'anira chilankhulo cha Chifalansa, munthu woyamba wa ku Haiti kukhala m'menemo, jekete lobiriwira la mamembala ake lija ndi lupanga m'chiuno. Ine zandigwira mtima ndi zapakati. Buku lake loyamba linatuluka mu 1985, ndiye kuti zaka 9 zathunthu munthu woti kwawo dzina lake linkatuluka m'nyuzi akukhetsa thukuta m'mafakitale, kumabwera kuchipinda atatheratu n'kumagogodabe taipilaita. Ankadziuza chiyani m'mawa akamavala nsapato? Inenso zaka zanga kuno ndimaziwerenga, masiku ena zimandilemera zedi.

Ndipo atalemera ndi mbiri yonseyo m'mabuku ake amangobwererabe kwa agogo ake a Da ku Petit-Goâve komwe anakulira, atakhala pakhonde ndi kapu ya khofi. Zimenezi zinandikumbutsa khonde la agogo anga, fungo la utsi pachitenje chawo, mpaka ndinayang'ana kuwindo kuti bambo aja asaone maso anga.

Titafika ndinawafunsa, "Nanga inuyo bambo, kwanu munapitakonso?" Anandiyang'ana pagalasi kanthawi ndithu, n'kungonditchulira mtengo. Ndinalipira, ndinathokoza, galimoto n'kumapita. Mpaka pano ndikudzifunsa ngati funsolo linawapweteka. Kumudzi kwatsala pang'ono kucha, mayi adzuka posachedwa, foni ndaiyika pompano pambali pa pilo.