Ku Joni ndinapita kukalalikira koma ndinayamba ndi kuwerenga chenji

Agogo anga aamuna anapita ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za m'migodi, ine ndisanabadwe, anakagwira ntchito m'migodi ya golide n'kubwerako ndi njinga, wailesi ndi timawu ta Fanakalo, chilankhulo cha m'migodimo, tomwe ankatikalipira nato tikalakwa. Ine tsiku lonyamuka ndinakwereranso basi pa Wenela pomwepo ku Blantyre, dzina lija lidakalipo mpaka lero. Kungoti ine ndinanyamula Baibulo, jekete ya pa kaunjika ndi kalata ya mpingo yonena kuti ndikukathandiza abusa kwa zaka ziwiri. Amayi anandiikiranso ufa woyera ndi usipa ngati kuti ku Joniko anthu sadya.

Za panjira sindichulukitsa, amene anayendako akudziwa. Mwanza, Zobue, mlatho wa Zambezi pa Tete kutentha ngati ng'anjo, Nyamapanda, Harare usiku, kenako Beitbridge pamzere mpaka miyendo kuchita dzanzi. Tinafika pa Park Station ine nditalemba kale maulaliki anayi m'kope, ndikudziona ngati Paulo akulowa mu Efeso.

Unali mwezi wa June. Abale kuzizira kwa ku Dedza komwe ndinkadzitama nako n'kwa ana. Mzindawu uli pamtunda, mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, ndiye m'mawa mpweya umachita kuluma makutu ndipo milomo imang'ambika. Anandipatsa kachipinda kuseri kwa nyumba ya abusa ku Yeoville, ukatuluka panja umaona nsanja ya Ponte ija yobulungira ngati mtondo, usiku ikuwala pamwamba. Magetsi akathima chifukwa cha load shedding ndinkawerenga mawu ndi tochi ya foni nditadzifunditsa mabulangeti awiri.

Mpingo wathu umakumana mu holo ya lendi pamwamba pa shopu. Anthu ake ndi a kwathu komweko, ena a ku Nkhata Bay, ena a ku Mangochi, Mzimba, Thyolo, ogwira m'magadeni ku Randburg ndi Sandton, amayi osamala ana a eni ake pomwe awo ali kumudzi ndi agogo, matelala a ku Fordsburg ndi Mayfair, alonda obwera m'tchalitchi molunjika kuchokera ku shifiti ya usiku maso ali psuu. Ulaliki wanga woyamba ndinaukonza bwino zedi, ndinafuula mpaka thukuta, koma nditayang'ana kumbuyo bambo atatu anali mtulo. Ndinakhumudwa. Abusa anangoti, "Mwana wanga, amenewo agona koyamba chichokereni dzulo, asiye apume m'nyumba ya Atate wawo."

Koma chimene chinandithyola khosi ndi takisi.

Kuno minibasi amati takisi ndipo mulibe kondakitala. Umaimika ndi zala, kuloza chala m'mwamba ndiye kuti ukupita mu tawuni, potsika umangoti "after robot" kapena "short left". Ndalama anthu amasonkhanitsa mzere ndi mzere n'kumapatsirana kupita kutsogolo, ndipo amene wakhala pafupi ndi dalaivala ndiye amawerenga n'kubweza chenji. Ine sindinkadziwa. Pa renki ya Noord ndinaona mpando wakutsogolo uli wokha ndinati Mulungu wandikondera lero. Tisanafike patali manja anga anadzaza ma R20 ndi ma R50 ndi makobidi, kumbuyo akunena manambala mu Chizulu osakaniza ndi Chingerezi, ine mutu uli ziii. Ndinabweza chenji cholakwika kawiri. Mayi wina anayamba kulankhula mokweza, ena kuseka, kenako bambo wokhala kumbuyo kwanga anandigwira paphewa n'kundifunsa kuti kwathu n'kuti.

Ndinati Limpopo.

Linangotuluka lokha bodzalo, msanga ngati ndinalikonzekera. Anyamata a kutchalitchi anali atandiuza kale nkhani za mu May 2008, pomwe chipwirikiti chothamangitsa alendo chinayambira ku Alexandra n'kupha anthu oposa 60, ndipo anati m'takisi osalankhula Chichewa pafoni, ukafunsidwa uzinena kuti ndiwe wa ku Limpopo, kumpoto kwa South Africa uko. Sindiwaweruza, anaona zomwe ine sindinaone. Koma ine Baibulo lili pamiyendo, kalata ya umishonale ili m'thumba, ndinakana kwathu pamaso pa munthu amene mwina ankangofuna kundithandiza kuwerenga. Tambala sanalire pa Noord paja koma ine ndinamumva.

Sabata imeneyo kupemphera kunandikanika. Ndimagwada, mawu osabwera. Kumudzi ndinkadziwika kuti mnyamata uja akagwira pemphero satha msanga, apa ndimangoti Ambuye, kenako zii.

Amene anandidzutsa ndi mayi ena achikulire a ku Mangochi, akhala kuno zaka zambiri ndipo ndi amene amasunga kope la chipepeso. Munthu wa kwathu akamwalira kuno nkhani yaikulu ndi yotumiza thupi kumudzi, ndalama zake si zamasewera, ndiye amalemba mayina pa gulupu ya WhatsApp wina R50 wina R100 mpaka zikwane. Anayamba kunditenga poyenda. "Achimwene tiyeni, inu mumatha kudzaza mafomu." Ndinapezeka ndili pamzere ku mochale, ndikuimbira foni malume a malemu ku Malawi, ndikukhala pansi m'zipinda zogawidwa ndi makatani momwe mumagona anthu sikisi. Tsiku lina tinadutsa ku Marshalltown anandionetsa nyumba ija inapsa pa 31 August 2023 n'kupha anthu oposa 70, ena mwa iwo a kwathu. Sananene zambiri. Anangoima, kumanga bwino chitenje, n'kuyamba nyimbo ya maliro chapansipansi pakati pa msewu magalimoto akuliza mahutala, mu Chichewa, osayang'ana kuti akumva ndani.

Ndinawaululira za Limpopo zija tikudya nsima ya ufa wa amayi uja ndi usipa wotsala. Ndinkayembekezera vesi. Iwo anaseka mpaka kutsamwa n'kunena kuti iwowo anakhalapo a ku Venda, dera la ku Limpopo komweko, zaka zitatu zathunthu, kenako anati nditsirireni madzi ndisambe m'manja.

Masiku ano maulaliki anga afupika, ena amati ndafooka, kaya. Mapemphero ambiri ndimapemphera ndili chiimire pamzere, ndipo amakhala mayina a anthu basi, uyu alibe ntchito, uyu pasipoti yatha, uyu mwana wake akulemba mayeso a folomu 4 ku Zomba iye osamuona zaka zisanu. Kope la maulaliki anayi lija ndinang'ambamo mapepala olembapo chipepeso.

Mwezi watha ndinakhalanso kutsogolo, dala. Dalaivala atamva kalankhulidwe kanga anafunsa funso lomwe lija. Mtima unagunda ndithu sindinama, koma ndinati Malawi. Anangogwedeza mutu n'kunena kuti telala amene anamusokera suti ya ukwati ndi wa kwathu, kenako anatambasula dzanja kuti ndimupatse ndalama zake. Zinaperewera ndi R2, ndinawonjezera za m'thumba mwanga.