Lipoti la ulendo wathu wa ku Crawfordsville, kumene ophunzira amalimbirana belu la sitima

Monga tinagwirizanirana pa msonkhano wa mwezi wa Seputembala, gulu lathu la makolo linanyamuka ku South Bend Loweruka pa 11 Novembala 2023 kupita ku koleji ya Wabash ya ku Crawfordsville, m'chigawo cha Indiana ku America, kumene mwana wa a Mlembi akuphunzira. Ntchito yolemba lipotili inagwera ine chifukwa a Mlembiwo anavomera okha kuti sangathe kulemba za sukulu ya mwana wawo popanda kuthira mchere wambiri. Tinali anthu 19 m'galimoto zitatu, kuphatikizapo ana athu asanu ndi mmodzi a kusekondale, amene tinkafuna kuti akaone ndi maso awo mmene maphunziro ndi masewera zimayendera limodzi pa koleji yaing'ono.

Ndiyambe ndi nkhani ya galimoto yachitatu, popeza ikufotokozedwa mosiyanasiyana ndipo ena ayamba kale kuikhotetsa. Amene ankayendetsa anali a Malume, ndipo pambali pawo panali a Msungichuma. Tisananyamuke, a Tcheyamani ananena momveka kuti aliyense alembe dzina la Crawfordsville pa foni yake, koma a Malume anayankha kuti akhala m'dziko muno zaka zambiri kuposa tonsefe, choncho analemba mawu amodzi okha akuti Wabash. Tsoka ilo, m'chigawo cha Indiana muli tauni ina yotchedwa Wabash, imene ilibe ubale uliwonse ndi kolejiyo kupatula dzina la mtsinje, ndipo foniyo inawatsogolera kumeneko mokhulupirika. Ife titadutsa Lafayette tinalandira foni ya a Msungichuma, akutiuza monyadira kuti atitsogolera kufika, kungoti akudabwa kuti tauni yonse ili zii ngati kulibe mpira. A Malume mpaka lero akuumirira kuti cholakwa chinali cha foni, koma ana atatu amene anakhala kumbuyo achitira umboni kuti anawachenjeza kawiri ndipo anauzidwa kuti ana salowerera nkhani za akuluakulu. Chimene chinatiwawa koposa n'chakuti nsima yonse inali m'galimoto yathu, pamene mapoto a nkhuku, nyemba ndi chambo chouma chimene Amayi a Chigwirizano anabwera nacho kuchokera kumudzi anali ku tauni yolakwikayo.

Podikira osocherawo, mwana wathu uja wa a Mlembi anatizungulitsa pasukulupo ndi kutifotokozera mbiri yake. Kolejiyi inakhazikitsidwa mu 1832, ndi ya anyamata okhaokha, ndipo ophunzira ake safika 1,000. Matimu ake amatchedwa Little Giants, ndiye kuti zimphona zing'onozing'ono, ndipo amapikisana m'gawo lachitatu la NCAA, bungwe loyang'anira masewera a m'makoleji a ku America, mmene wophunzira salipiriridwa fizi chifukwa chodziwa masewera. Amasewera chifukwa chokonda, kenaka n'kubwerera ku mabuku ngati wina aliyense. Mu 1982 timu yawo ya basketball inatenga chikho cha dziko lonse m'gawo limeneli, ndipo mmodzi mwa osewerawo, Pete Metzelaars, anadzatchuka pa mpira wachimereka ku timu ya Buffalo Bills. Lamulo la khalidwe pasukulupo ndi limodzi lokha, lakuti wophunzira azikhala munthu waulemu ndi nzika yodalirika nthawi zonse, ali pasukulu kapena kunja. A Tcheyamani analemba zonsezi m'kope lawo ndipo anayang'ana ana athu ndi diso lija timalidziwa tonse.

Koma chimene chinasonkhanitsa khamu tsiku limenelo ndi belu. Wabash ndi yunivesite ya DePauw ya ku Greencastle, imene ili pa mtunda wa makilomita oposa pang'ono 40, anayamba kukumana pa mpira wachimereka mu 1890, ndipo kuyambira mu 1932 wopambana amatenga belu la sitima ya pamtunda, lolemera makilogalamu pafupifupi 136, limene linaperekedwa ndi kampani ya njanji ya Monon imene inkadutsa m'matauni onse awiriwo. Belulo labedwapo kangapo ndi ophunzira a mbali yogonja. Nkhani imene amainyadira kwambiri ndi ya mu 1965, pamene wophunzira wa Wabash anadzionetsa ngati nthumwi yochokera ku Mexico, nakambirana ndi mkulu wa DePauw za mwayi wa maphunziro, napempha kuti aone belulo kuti alijambule; atangodziwa pobisalira pake, anzake anadzalinyamula usiku. Amayi a Chigwirizano anafunsa ngati umenewo ndiwo ulemu wa lamulo lija, ndipo mwana wathu anangoseka osayankha.

Njala itatipweteka, tinayala nsima yathu pamalo oimika galimoto, pamene mabanja ankawotcha nyama chiyambire m'mamawa ngakhale kunkazizira. Bambo wina wachikulire wovala zofiira, amene anati anaphunzira pomwepo ali mnyamata ndipo saphonya mpira umenewu, anaona tikuyang'anitsitsa nsima yopanda ndiwo ndipo anatibweretsera mbale yodzaza masoseji. Ife tinawapatsa mtanda wa nsima, iwo n'kutenga foloko, koma Amayi a Chigwirizano anawalanda folokoyo, nawasambitsa m'manja ndi kuwaphunzitsa kutema mbamu. Galimoto yosochera ija inafika tili pa mtanda wachiwiri. A Malume anatsika ali ndwii, osapereka moni, nanyamula okha poto wa nkhuku, zimene sitinaonepo chiyambire gulu lathu. Chambo chinatha m'kanthawi kochepa, ndipo zoti a Wachiwiri kwa Tcheyamani anadya mitu itatu n'zoona, ndinawerenga ndekha.

Mkangano wina unabuka pachipata cha bwalo. Mtundu wa Wabash ndi wofiira, choncho otsatira Bullets pakati pathu anamva ngati ali kwawo, koma a Wachiwiri, amene aliyense akudziwa kuti ndi a Noma kuyambira ubwana, anakanitsitsa kuvala sikafu yofiira imene a Mlembi anagulira aliyense. Vuto linali lakuti jekete lawo linali lakuda ndipo chipewa chinali chachikasu, mitundu yeniyeni ya DePauw. A Mlembi anawachonderera kuti, "Achimwene, mukufuna mwana wanga adzayende bwanji pasukulu pano Lolemba?" Pomaliza anavomera kuvula chipewacho, koma sikafuyo anaikhalira pampando mpira wonse.

Za mpirawo ndinena zochepa, chifukwa ambirife malamulo ake sitikuwadziwa. A Tcheyamani anakuwa kawiri kuti wosewera wagwira mpira ndi manja mpaka mdzukulu wawo anawakoka malaya. Belulo linabwera ndi a DePauw popeza ndiwo anapambana chaka chapitacho, ndipo ankaliliza mosalekeza kutsidya la bwalo, pamene mbali yathu inkayankha ndi mawu awo akuti Wabash Always Fights, kutanthauza kuti sabwerera m'mbuyo. Nthawi yoikika inatha matimu ali ofanana, anawonjezera kawiri, ndipo DePauw inapambana 33 kwa 30. Mwana wathu, amene sasewera n'komwe m'timumo, anakhala chete misozi ili m'maso, ndipo bambo wa masoseji uja anadzamugwira paphewa osanena kanthu. Ineyo ndinadabwa kuona a Wachiwiri nawonso atagwira tsaya.

Tikuthokoza a Mlembi ndi mwana wawo chifukwa cha matikiti, Amayi a Chigwirizano ndi anzawo amene anadzuka usiku kuphika, oyendetsa galimoto onse atatu, a Malume omwe, komanso a Tcheyamani chifukwa cha pemphero lalifupi modabwitsa pobwerera. Nkhani ya ndalama za mafuta owonjezera a galimoto yachitatu sinathe: a Msungichuma akuti zichoke m'thumba la gulu popeza anali pa ulendo wa gulu, koma ena akuti gulu silinatume munthu ku tauni ya Wabash, choncho idzakambidwa pa msonkhano wa Disembala. Amene anatenga poto wamkulu wa nyemba akupemphedwa kuti adzabwere naye pa msonkhano womwewo, ali wotsuka.